William Koyi: Mlendo wa ku Lovedale Pakati pa Angoni

Tikamakamba za amishoni oyamba amene adafika m'dziko muno, maina amene amabwera msanga pakamwa ndi a Dr. Livingstone, Dr. Laws ndi anzawo a ku Scotland. Maina ameneŵa ngoyeneradi kuwakumbukira. Koma pa gulu la anthu amene adasiya kwawo ndi kubwera ku nyanja yathu padalinso anthu akuda a ku South Africa, a mtundu wa Axhosa. Lero tikamba za mmodzi wa iwo, William Koyi, amene adafika kuno m'chaka cha 1876 ndipo adamwalirira ku Njuyu, m'boma la Mzimba, m'chaka cha 1886. Tiona m'mene ankakhalira tsiku ndi tsiku m'dziko lachilendo, ndiponso chikhulupiriro chimene chidamugwiriziza pa zaka zimene ntchito yake inkaoneka ngati yopanda phindu.

Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 kum'maŵa kwa dziko la Cape. Ubwana wake udakumana ndi nthaŵi yoŵaŵa. M'zaka za 1856 ndi 1857 Axhosa ambiri adapha ng'ombe zawo ndi kuleka kulima pomvera ulosi wa mtsikana wina dzina lake Nongqawuse, amene adati akatero makolo adzauka ndipo chuma chidzabwerera. Chotsatira chake chidali njala yoopsa imene idapha anthu zikwizikwi, ndipo otsala ambiri adabalalika kukafuna ntchito kwa Azungu. Koyi naye atasinkhuka adaloŵa ntchito zaganyu, nafika mpaka ku doko la Port Elizabeth. Kumeneko ndiko adatembenuka mtima m'chaka cha 1869. Ludzu la maphunziro lidamugwira ali wamkulu kale, ndipo m'chaka cha 1871 adayenda pansi ulendo wautali kupita ku Lovedale, sukulu ya mishoni imene Askoti adaitsegula mu 1841. Adakakhala m'kalasi ndi anyamata ocheperapo msinkhu, ndipo pa za mabuku sadali wotsogola.

Mkulu wa sukuluyo adali Dr. James Stewart, munthu amene adayendapo ku Zambezi ndi ku Shire m'masiku a Livingstone. Livingstone ataikidwa m'manda ku London mu 1874, Stewart ndiye adapempha mpingo wa Free Church of Scotland kuti utsegule mishoni pa nyanja ya Nyasa yokumbukira dzina lake. Gulu loyamba lidaloŵa m'nyanja ndi sitima ya Ilala mu October 1875, nakhazikika ku Cape Maclear. Chaka chotsatira Stewart adaima pamaso pa ophunzira a ku Lovedale ndi kufunsa ngati alipo ofuna kukathandiza ntchitoyo. Adadzipereka anyamata 14, ndipo adasankhidwa anayi: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi.

Zimene Koyi adayankhula tsiku limenelo zidakumbukika nthaŵi yaitali ku Lovedale. Iye adatenga fanizo la matalente la m'buku la Mateyu, nanena kuti anzake ali ndi maphunziro oposa ake, ndipo iye ali ndi theka chabe la talente. Komabe adali wokonzeka kupita ngakhale kukangotema nkhuni ndi kutunga madzi. Mawu ameneŵa ena angawayese odzichepetsa mwamwambo. Koma tikaona zaka khumi zimene zidatsatira, tipeza kuti munthuyu ankanena zenizeni za ntchito imene ankaiyembekezera.

Ulendo wochokera ku Cape kufika ku nyanja udatenga miyezi pafupifupi itatu. Adanyamuka mu July 1876, nayenda pa sitima yapanyanja mpaka ku Quelimane. Kuchokera pamenepo adakwera mabwato, naloŵa mu Zambezi, kenaka mu Shire. Usana kudali dzuŵa ndi kupalasa, usiku udzudzu. Pa mathithi a Shire, pamene bwato silingapite, katundu yense adasenzedwa pamutu ndipo anthu adayenda pansi masiku angapo kufikira atapeza madzi abata kumtunda, kumene Ilala idawatenga. Adafika ku Cape Maclear mu October.

Dziko lino silidawalandire mofeŵa. Wauchope adadwala kwambiri ali m'njira, ndipo patangopita miyezi yoŵerengeka adabwezedwa kwawo. Munthu yemweyu pambuyo pake adadzakhala mbusa ndi mlembi wotchuka wa Chixhosa, namira m'nyanja pamodzi ndi anzake mazanamazana pamene sitima ya Mendi idagundidwa mu February 1917, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mngunana, amene adapatsidwa sukulu ya pa Cape Maclear, adaphunzitsa miyezi yochepa namwalira mu 1877, chaka chomwecho chimene Dr. William Black adamwalira. Manda awo ali pamenepo, m'tsinde mwa phiri. Ntintili, mmisiri wa matabwa, adagwira ntchito ku Blantyre ndi ku nyanja, nabwerera kwawo mu 1880. Mwa anayi aja, amene adatsala ndi uja wa theka la talente.

Nanga moyo wa tsiku ndi tsiku udali wotani pa mishoni yoteroyo? Amene amaganiza kuti mmishoni amangoima pa gome ndi kulalika angadabwe. Tsiku linkayamba ndi pemphero lalifupi, kenaka aliyense ku ntchito yake: kudula mitengo, kumanga nyumba, kulima dimba, kutema nkhuni zosonkhezera moto wa Ilala. Ndalama zachitsulo sizinkagwira ntchito kuno. Chimanga, nsomba ndi nkhuku zinkagulidwa ndi nsalu ndi mikanda, ndipo antchito ankalipidwanso nsalu. Kalata yochokera kwawo inkatenga miyezi. Malungo ankabwera mosinthanasinthana, kotero kuti wodwazika lero ndiye ankadwazikidwa maŵa. Pa malowo pankafikanso anthu othaŵa amalonda a akapolo, ndipo aliyense wa iwo ankafuna chakudya, pogona ndi womumvera dandaulo lake. M'zonsezi Koyi adali kapitawo, womasulira ndi mlaliki pa nthaŵi imodzi. Adaphunzira Chinyanja. Mishoni ya Blantyre itagwa m'mavuto m'masiku ake oyamba, iye ndi Ntintili adali pakati pa amene adatumidwa kukathandiza.

Kwawo nako sikudali mtendere. M'zaka za 1877 ndi 1878 kudabuka nkhondo ina pakati pa Axhosa ndi boma la Azungu la ku Cape, ndipo Axhosa adagonjetsedwa. Taganizirani munthu amene akugwira ntchito limodzi ndi Azungu m'dziko lakutali, uku akumva kuti abale ake akumenyana ndi Azungu kwawo. Katundu wa mumtima wotere anzake a ku Scotland sadamusenze.

Talente yeniyeni ya Koyi idaonekera mu 1878. Malo a Cape Maclear adali a malungo ndiponso a anthu ochepa, choncho Dr. Laws adanyamuka kukafuna malo ena chakumpoto. Kumeneko nkhani yaikulu idali ya Angoni. Monga tidziŵa, Angoni adachoka kumwera m'masiku a Shaka, naoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira ku Ufipa, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, mtundu udagaŵikana, ndipo gulu la M'mbelwa lidadzakhazikika m'dera limene lero ndi Mzimba. Atonga ambiri amene adali pansi pawo adathaŵira ku nyanja cha m'ma 1875, namanga malinga, ndipo Angoni ankatsikira kumeneko ndi nkhondo. Mishoni iliyonse yomangidwa pakati pa Atonga ikadakhala pa chifundo cha M'mbelwa.

Chingoni cha masiku amenewo chidali chapafupi ndi Chizulu, ndipo Chizulu ndi Chixhosa n'zapachibale. Motero pamene alendowo adafika ku midzi ya a Nhlane, a banja la Chiputula, Angoni adadabwa kumva munthu wovala ngati Mzungu akuwayankhula m'chilankhulo chimene ankachimva, nadziŵa malonje, nadziŵanso ulemu woyenera mfumu. Iye adachokera ku dziko limene agogo awo ankalisimba. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka Koyi kadali lilime la amake. Chimene adabadwa nacho, chimene ku Lovedale sakadalembera mayeso, ndicho chidatsegula njira. Adakhalako kanthaŵi ku Kaning'ina, kufupi ndi kumene kuli Mzuzu lero, akuyendera midzi ya Angoni, ndipo mu 1879 Dr. Laws adaonana ndi M'mbelwa mwini wake.

Mu 1880 Koyi adapita kwawo kukapuma, ndipo adakwatira. Akadafuna akadakhala komweko, pakuti gawo lake adali atachita kale, ndipo manda a Mngunana adali atawaona ndi maso. Koma adabweranso. Mishoni idali itasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1882 Koyi adakwera mapiri a Viphya kukakhala ku Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu, moyandikana ndi mudzi wa Hoho. Iye ndiye mmishoni woyamba kukhazikika pakati pa Angoni a M'mbelwa. Pambuyo pake adabwera James Sutherland, mlimi wa ku Scotland. Kenaka George Williams, Mxhosa wachisanu wochokera ku Lovedale. Ndipo mu 1885 Dr. Walter Elmslie. Mkazi wa Koyi nayenso adamutsatira kumapiriko.

Zaka za ku Njuyu zidali zaka zodikira. Bwalo la M'mbelwa lidalola kuti alendowo akhale, koma lidakana sukulu. Ndipo tisafulumire kuwaŵeruza madodawo ngati anthu osamvetsa. Iwo adamvetsa bwino lomwe. Ufumu wawo udaima pa mikondo ndi ng'ombe, ndipo mnyamata ankasanduka mwamuna popita ku nkhondo. Adaona kuti ana akaphunzira buku limene limaletsa kupha ndi kulanda, adzakana kunyamula chishango, ndipo mtundu udzafooka pakati pa adani. Adalinso ndi funso lina lovuta: ngati amishoni ali abwenzi a Angoni, n'chifukwa chiyani nyumba yawo yaikulu ndi katundu wawo zili ku Bandawe, pakati pa Atonga amene Angoni ankawayesa akapolo othaŵa? Ankafuna kuti mishoni yonse isamukire kumapiri, Atonga asiyidwe okha.

Pakati pa mbali ziŵirizi padaima Koyi. Ntchito yake yaikulu idali kukhala pansi pa bwalo, kumva milandu ndi madandaulo, kuyankha mofatsa, kupita kwa mfumu ndi kubwerako, kufotokozera Azungu zimene Angoni akutanthauza ndi kufotokozera Angoni zimene Azungu akutanthauza. Angoni adamutcha Umteteleli, ndiye kuti woyankhulira ena, nkhoswe. Aliyense amene adakhalapo nkhoswe ya ukwati wovuta adziŵa kuti nkhoswe imalandira mawu oŵaŵa kuchokera uku ndi uku. Anyamata ankhondo ankadutsa pa mishoni popita kukathira nkhondo ndi pobwerako, ndipo padali masiku ena pamene a pa Njuyu ankagona osadziŵa ngati kuŵachera. Kuti nkhani ifike ku Bandawe pankafunika ulendo wa pansi wa masiku angapo. Sutherland adamwalira mu 1885 asadaone sukulu ngakhale imodzi.

Lamulungu Koyi ankasonkhanitsa amene afuna kumva, nawalalikira m'chilankhulo chawo. Masiku ena onse ulaliki wake udali khalidwe lake: kusabweza chipongwe, kusunga lonjezo, kulandira aliyense wofika pakhomo. Dr. Elmslie, amene adalemba za iye m'buku lake la Among the Wild Ngoni la mu 1899, adachitira umboni kuti Angoni ankamukhulupirira ndi kumulemekeza munthuyu, ndi kuti Azungu a pa mishoni adapulumuka kangapo chifukwa cha kudekha kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa Njuyu padafunika kudekha kwa zaka zinayi.

Komabe pansi pa phulusa padali moto. Anyamata ena adayamba kubwera usiku mobisa kudzaphunzira kuŵerenga, poopa kuti masana angaonedwe. Pakati pawo padali Mawelera Tembo ndi mbale wake Makara, ana a sing'anga wodziŵika m'deralo. Sukulu imene bwalo lidaikana masana idayamba m'kanyumba, pa kuŵala kwa nyali, ndi ophunzira oŵerengeka pa zala.

Kusintha kudadza ndi chilala. Mvula ya dzinja la 1885 idachedwa, mbewu zidayamba kufota, ndipo nsembe za kwa makolo sizidabweretse mtambo. Mu January 1886 akuluakulu adapita kwa amishoni kukapempha kuti apemphere kwa Mulungu wawo. Pempholi lidali ndi msampha wake. Akadakana, akadaoneka ngati ndiwo akumanga mvula. Akadavomera mosasamala, akadasanduka asing'anga a mvula, ndipo chaka china mvula ikadakana mlandu ukadakhala wawo. Adachita mapemphero pa Njuyu, nafotokoza kuti mvula ndi mphatso ya Mulungu imene munthu angaipemphe koma sangailamule. Posakhalitsa mvula idagwa. Wokhulupirira adzati Mulungu adayankha. Wina adzati nyengo yake idali itakwana. Chimene mbiri ikutiuza n'chakuti mitima ya pa bwalo idafeŵa, ndipo patapita miyezi yoŵerengeka M'mbelwa ndi nduna zake adalola kuti sukulu zitsegulidwe.

Uthenga umenewu udamupeza Koyi ali gone pa mphasa, thupi litatha ndi matenda. Elmslie akusimba kuti atamva adakondwera, nakumbukira pemphero la nkhalamba Simeoni la m'buku la Luka, uja amene adapempha kuti amuke mumtendere popeza maso ake adaona chimene ankachidikira. Koyi adamwalira pa 4 June 1886, ali ndi zaka pafupifupi 40, naikidwa pa Njuyu pomwepo. Sukulu yoyamba yololedwa idatsegulidwa chaka chomwecho chisadathe. Iye sadaphunzitsemo ngakhale tsiku limodzi, ndipo pa nthaŵi ya imfa yake padalibe Mngoni ndi mmodzi yemwe wobatizidwa.

Mavuto sadathere pomwepo. Mu 1887 nkhani ya Atonga idabukanso, nkhondo idatsala pang'ono kutsikira ku Bandawe, ndipo Dr. Laws adachita kukwera mapiri kukakambirana ndi M'mbelwa. Koma ubale umene Koyi adaumanga udapirira. Mu 1889 mishoni idatsegula malo ku Ekwendeni, kwa Mtwalo. Mu 1890 Mawelera ndi Makara Tembo adabatizidwa, Angoni oyamba kuloŵa mumpingo, ndipo Mawelera adadzakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo za Mulungu pa mayimbidwe a Chingoni. Mu 1898, m'masiku a Donald Fraser, anthu zikwi zingapo adasonkhana ku Ekwendeni pa msonkhano wa masakramenti, ndipo akuluakulu pafupifupi 200 adabatizidwa. Palinso china choyenera kuchiganizira. Angoni a Gomani adagonjetsedwa ndi mfuti za Angerezi mu 1896, ndipo a Mpezeni mu 1898. Angoni a kumpoto adaloŵa pansi pa boma la Angerezi mu 1904 pokambirana ndi Sir Alfred Sharpe, popanda kuwomba mfuti. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo kutaya ufulu n'kutaya ufulu ngakhale popanda mwazi. Koma chimodzi mwa zifukwazo n'chakuti anthu a M'mbelwa adali atazoloŵera kwa zaka zoposa makumi aŵiri kukhala pansi ndi alendo ndi kukambirana, ndipo chizoloŵezi chimenechi chidayamba ndi Koyi.

Kodi mbiri imeneyi ikutiphunzitsanji ife? Choyamba, ikutikumbutsa kuti Uthenga Wabwino sudayende ndi Azungu okha. Kuyambira pachiyambi udanyamulidwanso ndi anthu akuda, amene ambiri a iwo maina awo adalembedwa m'munsi mwa tsamba kapena osalembedwa konse. Koyi sadadzozedwe ubusa, ngakhale ntchito imene adaigwira idali yoti abusa ophunzira sakadaitha popanda iye. Sinodi ya Livingstonia idachita bwino kutcha dzina lake nyumba yake ya alendo ku Mzuzu. Ndipo njira imene iye adayenda idadzayendedwanso ndi ana a dziko lino potuluka kunja: David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, adapita kwa Abemba ku Chinsali, ndipo Leonard Kamungu, wansembe wa mpingo wa Anglican, adakatumikira ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, namwalirira komweko mu 1913.

Chachiŵiri, ikutionetsa chimene ulendo wa mishoni uli kwenikweni. Masiku ano mipingo yathu imalandira alendo ochokera kunja, ena a milungu iŵiri, ena a zaka. Imatumizanso abusa ndi alaliki ku maiko oyandikana nafe ndi kutsidya kwa nyanja. Onseŵa amafunsidwa pobwerera kuti atembenuza anthu angati ndipo amanga nyumba zingati. Koyi akadafunsidwa funso limeneli mu 1885 akadasoŵa choyankha. Chimene akadaonetsa ndi chilankhulo chimene adagaŵana ndi eni dziko, maola osaŵerengeka amene adakhala pa bwalo akumvetsera, ndi anyamata oŵerengeka obwera usiku. Mlendo wofuna kuphunzitsa ayenera kuyamba wadziŵa malonje a eni mudzi, wadya chakudya chawo, wamva mantha awo, ndipo wavomera kuti mafunso awo ngoyenera kuyankhidwa mwaulemu.

Chachitatu n'cha chikhulupiriro chenichenicho. N'kwapafupi kukhulupirira pamene tchalitchi chadzaza ndipo nyimbo ikumveka kutali. Koyi adakhulupirira pa nthaŵi imene adaika anzake m'manda, sukulu ili yoletsedwa, kwawo kuli kutali, thupi likufooka. Ambiri a ife amene tikumvera nkhani ino tili ndi ntchito zotero: mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi amene ana ake amathaŵa m'nyengo yolima, mlangizi wa zaumoyo amene anthu samumvera, mayi amene akulera ana amasiye, mkulu wa mpingo amene amayanjanitsa mabanja popanda womuthokoza. Munthu wobzala mtengo wa mbaŵa amadziŵa kuti matabwa ake adzapala ndi ena, koma amauthirirabe.

Amene mungadzayende cha ku Mzimba, m'mbali mwa Kasitu, mudzakumbukire kuti pa Njuyu pagona mwana wa ku Cape, amene adati ali ndi theka la talente, ndipo adaligwiritsa ntchito lonse m'dziko la eni.